Lole yolowa m'midzi: zoyenera kusintha ndi zoyenera kuzisiya

Thumba la mtedza limene likugulitsidwa pa msika wa Mgona mu Lilongwe limakhala ndi mitengo iwiri. Woyamba ndi umene linagulidwira pakhomo pa mlimi ku Kasiya, ku Nsundwe kapena ku Ntchisi. Wachiwiri ndi umene wogula akupereka pamsikapo. Chimene chimasiyanitsa mitengo iwiriyi kwakukulukulu ndi msewu. Kumene phula lathera ogula amachepa, ndipo ogula akachepa katundu amatsika mtengo. N'chifukwa chake amalonda ambiri a ku Kawale, Chinsapo, Area 23 ndi Area 25 akangopeza kampamba amayamba kulota galimoto yawoyawo, yoti izilowa m'midzi momwe malole aakulu safika.

Vuto ndi loti galimoto zimene amalonda ang'onoang'ono amakwanitsa kugula sizinapangidwire misewu yotere. Toyota Dyna, Mitsubishi Canter ndi Isuzu Elf zambiri zimabwera zitagwira kale ntchito ku Japan, n'kudzera padoko la Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe. Kwawoko zinkayenda pa phula losalala, zitanyamula katundu woyezedwa. Zikafika kuno, ulendo woyamba umakhala wa ku Biwi, kumene kuli amakaniko, owotcherera ndi ogulitsa masipeya, kuti zikasinthidwe. Pamenepa m'pamene mpamba umatetezeka kapena kumira.

Mfundo yofunika kuigwira ndi imodzi: galimoto isinthidwe kuti ithane ndi msewu woipa, osati kuti izisenza katundu woposa mphamvu zake. Kusintha koyambako kumabweretsa ndalama. Kwachiwiriko kumadya ndalama, ndipo nthawi zina kumadya ndi miyoyo yomwe.

Katundu wanji, msewu uti?

Asanagule chitsulo chilichonse, wamalonda ayenera kudziwa katundu amene azinyamula ndi kumene azikamutenga. Wokatenga mbatata ya kachewere ndi kabichi ku Bembeke, ku Lizulu kapena ku Tsangano kuti adzagulitse pa Wakawaka amakumana ndi zitunda ndi mitsetse. Iyeyu mdani wake ndi mabuleki otentha ndi klatchi yopsa. Wokatenga soya ndi mtedza ku Mchinji, ku Dowa kapena ku Santhe amayenda malo athyathyathya, koma amadutsa m'madambo, mumchenga ndi pa timilatho ta mitengo. Wa tomato amafuna galimoto yosagwedeza, chifukwa tomato wophwanyika amafika pamsika atatsika kale mtengo.

Kulemera kwa katundu nakonso kumasiyana. Chimanga, soya ndi feteleza n'zolemera, moti galimoto imafika pamalire ake bodi isanadzaze. Mtedza wosasenda ndi wopepuka koma umadya malo, ndiye umafuna bodi ya m'mbali mwatalimwatali. Pikapu wamba ngati Toyota Hilux kapena Nissan Hardbody imanyamula pafupifupi tani imodzi, amene ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Lole ya matani awiri imanyamula matumba 40.

Ambiri amaganiza kuti kulowa m'mudzi kumafuna galimoto yokoka ndi matayala onse anayi. Imeneyi imathandizadi m'matope, koma ndi yodula pogula, imamwa mafuta ambiri, ndipo ili ndi zitsulo zambiri zoti zingawonongeke. Malonda ambiri a mbewu amachitika kuyambira mu April mvula itasiya, nthawi imene lole yokoka ndi kumbuyo kokha imafika pafupifupi paliponse ikakhala ndi matayala abwino. Wofunikadi 4x4 ndi amene amagwira ntchito m'dzinja, monga wopititsa feteleza ndi mbewu kumidzi mu December kapena wokatenga ndiwo zamasamba kumadimba. Ameneyo akumbukirenso kuti pa Hilux kapena Land Cruiser yakale, giya ya matayala anayi ndi ya pafumbi ndi pamatope basi. Kuyenda nayo pa phula louma kumapotokola zitsulo za m'kati ndi kudya matayala.

Injini isankhidwe poona masipeya ake. Injini zakale za dizilo monga 3L, 5L ndi 14B za Toyota, 4D33 ya Canter, 4JB1 ya Isuzu ndi TD27 ya Nissan zimadziwika ndi amakaniko ambiri, ndipo zida zake sizivuta kupeza. Injini zatsopano zoyendera kompyuta zimamwa mafuta pang'ono, koma sizipirira dizilo wauve. Amene amagula mafuta a m'zigubu pa nthawi imene mafuta asowa ayenera kuliganizira bwino limeneli.

Nambala imene ambiri saiwerenga

Galimoto iliyonse yonyamula katundu ili ndi malire a kulemera kwake konse, amene amalembedwa kuti GVM pa kachitsulo ka kampani yopanga ndiponso m'mapepala a galimotoyo. Nambalayi ikuphatikiza galimoto yeniyeniyo, mafuta, anthu ndi katundu. Kuti munthu adziwe katundu amene angakweze, amachotsa kulemera kwa galimoto yopanda kanthu pa GVM.

Apa pali masamu amene amapweteka. Chitsulo chilichonse chowonjezera pa galimoto chimachotsedwa pa katundu. Mwachitsanzo, lole inalembedwa kuti inyamule makilogalamu 1,500, amene ndi matumba 30. Mwini wake waikitsa bodi yatsopano, zitsulo zam'mbali ndi bampala yolemera, zonse pamodzi zawonjezera makilogalamu 200. Dalaivala, wothandizira, mwini katundu, tayala lachiwiri la sipeya ndi chigubu cha madzi zikwana makilogalamu ena 250. Chotsala ndi makilogalamu 1,050, matumba 21 okha. Matumba 9 apita pa ulendo uliwonse. Choncho mmisiri akamanena kuti aike chitsulo chokhuthala kuti bodi ikhale yolimba, mwini galimoto afunse kuti chitsulocho chidya matumba angati.

Masipuling'i sawonjezera mphamvu ya galimoto

Ntchito imene imachitika kwambiri m'magalaja ndi yowonjezera masipuling'i akumbuyo. Galimoto ikawonjezeredwa zitsulo ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse imasiya kukhala pansi ikanyamula, ndipo mwini wake amaona ngati tsopano ya tani imodzi yasanduka ya matani awiri. Kumeneku n'kudzinamiza. Masipuling'i angobisa chizindikiro chimene chinkachenjeza kuti katundu wachuluka. Mabuleki ndi omwe aja, ekiselo ndi yomwe ija, maberiya, mabawuti a matayala ndi chasisi ndi zomwe zija.

Komanso masipuling'i ouma kwambiri sapindika akagunda dzenje. Mphamvu yonse ya kugundako imapita ku chasisi, ndipo m'kupita kwa nthawi chimang'ambika pafupi ndi pamene masipuling'iwo agwirira. Galimoto yotere ikakhala yopanda katundu imadumphadumpha pamsewu wa mabampu, matayala akumbuyo osagwira bwino pansi.

Choyenera ndi kubwezeretsa masipuling'i otopa kapena othyoka, kuika mabushi atsopano, ndi kugula mashoko abwino. Ngati pakufunika thandizo, chitsulo chimodzi chothandizira, chimene chimayamba kugwira ntchito galimoto ikalemedwa, n'chokwanira. Ma U-bolt omangira masipuling'i ku ekiselo akamasulidwa ndi bwino kuika atsopano, ndipo amangidwenso pakatha maulendo awiri kapena atatu oyamba. Chitsulo cha sipuling'i chothyoka sachiwotcherera, chifukwa moto umachifooketsa ndipo chimadzathyokanso pomwepo.

Mabuleki ayambe ndiwo

Ndalama yoyamba ipite ku mabuleki, ngakhale kuti ntchito imeneyi sioneka ndi maso ngati bampala yatsopano. Mapaipi a rabara akale asinthidwe, nsapato za mabuleki ziyang'anidwe mbali zonse, handibuleki igwire galimoto itanyamula pachitunda. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, ndipo akakalamba amawira pamtsetse wautali, phazi n'kungolowa pansi. Amayenera kusinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse.

Pali kachipangizo kena kamene amakaniko ambiri amakaiwala. Pa mapikapu ndi malole ang'onoang'ono ambiri a ku Japan, pafupi ndi ekiselo yakumbuyo pamakhala valavu yolumikizidwa ndi kandodo kachitsulo. Galimoto ikalemedwa n'kutsika, kandodoko kamatsegula valavu kuti mabuleki akumbuyo agwire mwamphamvu. Galimoto ikakwezedwa kapena kuumitsidwa masipuling'i, valavuyo imaona ngati mulibe katundu, ndiye imachepetsa mphamvu ya mabuleki akumbuyo pa nthawi imene akufunika kwambiri. Aliyense wokhudza masipuling'i ayenera kutcheranso kachipangizoka.

Dalaivala nayenso ndi gawo la mabuleki. Chizolowezi chochotsa giya pamtsetse pofuna kupulumutsa mafuta chapha anthu ambiri. Lole yolemedwa itsike ndi giya yomwe ikanakwerera chitundacho, ndipo ngati ili ndi buleki ya ku ekizozi, monga Canter ndi Dyna zambiri za dizilo, igwiritsidwe ntchito.

Matayala: pamene pali phindu lenileni

Chimene chimakola pansi galimoto ikalowa m'njira ya ngolo ndi difu, chimpira chachitsulo chimene chili pakati pa ekiselo yakumbuyo. Kukweza bodi kapena masipuling'i sikukweza difu ngakhale pang'ono. Chimene chimaikweza ndi tayala lalitali basi, ndipo imakwera ndi theka la kutalika kowonjezerako. Tayala lotalikirapo ndi masentimita 5 limakweza difu ndi masentimita 2.5.

Koma tayala lalikulu lili ndi mtengo wake. Limafooketsa galimoto ponyamuka ndi pokwera, limatopetsa klatchi, ndipo limanamiza wotchi ya liwiro. Tayala likakula ndi gawo limodzi mwa magawo 10, wotchi ikamaonetsa 80 galimoto imakhala ikuthamanga 88, ndipo apolisi apamsewu amalemba 88. Kukwera saizi imodzi yokha n'kokwanira, bola tayalalo lisakhule bodi galimoto ikalemedwa kapena ikakhota.

Chofunika kuposa kukula ndi zimene zalembedwa m'mbali mwa tayala. Tayala la katundu limakhala ndi chilembo C kapena LT. Pa tayala lolembedwa 195R14C 106/104, nambala 106 ikutanthauza kuti lokha linganyamule makilogalamu 950, pamene 104 ikutanthauza makilogalamu 900 likakhala lophatikizidwa ndi linzake. Tayala la galimoto yaing'ono, ngakhale likwane pa rimu, silinapangidwire matumba.

Ogula matayala a kaunjika awerenge manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Tayala la 2319 linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Makampani ena opanga matayala amalangiza kuti tayala likadutsa zaka 5 liziyang'anidwa pafupipafupi, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale mano akadalipo. Asamalenso ndi matayala olembedwa kuti studless, amene amabwera ndi galimoto za ku Japan. Amaoneka a mano ambiri, koma ndi a m'chisanu, rabara yake ndi yofewa, ndipo pa phula lotentha la mu October amatha msanga.

Pa lole ya matayala awiriawiri kumbuyo, awiriwo akhale ofanana msinkhu ndipo asakhudzane. Mwala ukapanikizika pakati pawo uchotsedwe galimoto isanakwere pa phula. Mumchenga kuphwetsako mpweya pang'ono kumathandiza, koma upopedwenso pofika pa phula, chifukwa tayala lochepa mpweya litanyamula katundu limatentha n'kuphulika.

Kuteteza pansi pa galimoto

Ntchito yotchipa imene imapulumutsa ndalama zambiri ndi kuika chitsulo chotchinga pansi pa injini. Chitsa chimodzi chobisika mu udzu chikaboola chibekete cha oyilo, injini imafera pomwepo. Chotchingacho chimangidwe ndi mabawuti ku chasisi, chikhale ndi bowo lokhuthulira oyilo, ndipo chisatseke mphepo yopita ku radiyeta. Thanki ya mafuta nayo itetezedwe, mapaipi a mabuleki ndi mawaya olendewera amangidwe m'mwamba.

Difu ndi giyabokosi zili ndi timabowo topumira. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imakoka madziwo kudzera pomwepo. Kapaipi ka rabara kolumikizidwa pa kabowoko n'kukamangidwa m'mwamba pansi pa bodi kamathetsa vutoli ndi ndalama yochepa. Oyilo wa mu difu akaoneka woyera ngati mkaka ndiye kuti madzi alowa, asinthidwe tsiku lomwelo.

Paipi yokwezera mpweya wa injini m'mwamba, imene imaoneka m'mbali mwa ma Land Cruiser a mabungwe, ntchito yake yaikulu kuno ndi kuthawa fumbi. Siisandutsa galimoto kukhala bwato. Injini ya dizilo ikameza madzi ngakhale ochepa imapinda zitsulo za m'kati, ndipo ikazimira m'madzi isalizidwenso mpaka makaniko ataiona. Madzi opitirira pakati pa tayala, kapena othamanga pamwamba pa mlatho, ndi oyembekeza kuti aphwe. Katundu wochedwa tsiku limodzi amagulitsidwabe.

Fyuluta yachiwiri ya dizilo, yolekanitsa madzi ndi mafuta, ndi yofunika kwa aliyense wothira mafuta kutali ndi tauni. Fyuluta ya mpweya izipukutidwa pafupipafupi m'chilimwe, ndipo ikabooka isinthidwe, chifukwa fumbi lolowa mu injini limaidya ngati msasa.

Bodi ndi chasisi

Owotcherera a ku Biwi, Kawale ndi Area 25 amatha kupanga bodi yabwino, bola mwini galimoto adziwe chimene akufuna. Mapaipi a bokosi ndi opepuka kuposa zitsulo zodzaza, ndipo amalimba mokwanira. Zitsulo zam'mbali zikhale zochotseka, kuti tsiku la mtedza wosasenda ziikidwe, tsiku la simenti zichotsedwe. Pakhale ngowe zokwanira zokolekapo zingwe ndi tenti. Kuseri kwa kabini kukhale chotchinga cholimba, kuti galimoto ikaima mwadzidzidzi matumba asaphwanye anthu okhala kutsogolo.

Kutalika kwa katundu ndiye kumagubuduza malole. Msewu wa kumudzi umakhala wopendekeka, ndipo katundu wosanjikizidwa kupitirira denga la kabini amakoka galimoto kugwera m'ngalande. Zolemera zikhale pansi ndiponso kutsogolo kwa ekiselo yakumbuyo, zopepuka pamwamba. Kutalikitsa bodi kumbuyo kuti mulowe matumba ena kumapepukitsa kutsogolo, chiwongolero n'kuyamba kuyandama, makamaka pokwera chitunda. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chasisi ndi msana wa galimoto, ndipo chinapangidwa kuti chizipindika pang'ono podutsa m'zigwembe. Bodi imangidwe ndi mabawuti, pakati paikidwe thabwa lolimba kapena rabara. Kuwotcherera bodi ku chasisi, kapena kuboola m'mphepete mwake mwa pamwamba ndi pansi, ndiko kumayambitsa ming'alu. Chasisi chikang'ambika, mmisiri wodziwa amaboola kabowo kumapeto kwa mng'aluwo kuti usapitirire, amawotcherera, kenako amaika chigamba chachitsulo chopitirira malo owonongekawo. Asanayatse makina owotcherera achotse mawaya a batire ndi kuteteza thanki. Ndipo pamene padindidwa nambala ya chasisi pasakhudzidwe ndi moto kapena chopalira. Nambalayo ikafufutika, galimoto imaoneka ngati yakuba.

Potitimira

Walira mvula walira matope. Woyenda m'midzi adzatitimira ndithu tsiku lina, ndipo zida zomutulutsa si zodula: khasu, fosholo, chikwanje, jeke yamphamvu ndi thabwa loikapo jekeyo, matabwa awiri oyala pansi pa matayala, pampu, ndi chingwe chokokera cholimba. Makina okokera a magetsi ndi odula, ndi olemera, ndipo m'dambo nthawi zambiri mulibe mtengo womangapo.

Chofunika kupangitsa ndi ngowe zokokera, kutsogolo ndi kumbuyo, zomangidwa ku chasisi ndi mabawuti olimba. Kukoka ndi bampala kapena kampira kokokera ngolo n'koopsa, chifukwa chikathyoka chimauluka ngati mwala wa legeni. Anthu othandiza kukankha aime kutali chingwe chikakungika. Galimoto ikayamba kuzungulira matayala pamalo amodzi, dalaivala asiye kuponda moto. Kutsitsa theka la matumba kumatenga mphindi zochepa, pamene klatchi yopsa imagoneka galimoto kumudzi masiku angapo.

Mapepala

Lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti galimoto ikhale yolembetsedwa, ya inshuwalansi, ndiponso yoyezedwa n'kupatsidwa COF. Zimene zili pa galimoto ziyenera kufanana ndi zimene zili mu blue book ndi m'kaundula wa MALTIS ku nthambi ya Road Traffic. Wosintha injini, mtundu wa penti kapena maonekedwe a bodi ayenera kukadziwitsa nthambiyi kuti mapepala akonzedwe. Pogula injini ina, lisiti yolembedwa nambala ya injiniyo isungidwe bwino. Ndi nzeru kukafunsa ku Road Traffic ntchito isanayambe, kusiyana n'kukamva kuti bodi yamalizidwa kale ndi yosaloledwa. Safunsa anadya phula.

A inshuwalansi nawonso auzidwe za kusinthako. Ngozi ikachitika galimoto itanyamula mopyola malire, kapena itasinthidwa iwo osadziwa, kampani ikhoza kukana kulipira. Anthu okwera pamwamba pa matumba ndi vuto linanso. Ndalama ya matola imaoneka yokoma pobwerera, koma lole ya katundu sinalembetsedwe kunyamula anthu olipira, ndipo ikagubuduzika mlandu wake umatha mpamba wonse.

Laisensi ya dalaivala iyang'anidwe. Ya B imathera pa galimoto ya GVM ya makilogalamu 3,500. Malole ambiri otchedwa a matani awiri amapitirira pamenepa akaphatikiza kulemera kwawo ndi katundu, ndiye amafuna C1. Zonyezimira, magetsi, ma triangle awiri ndi chozimitsira moto ndi zinthu zazing'ono zimene zimadyetsa chindapusa pa rodibuloko iliyonse. Bampala kapena bodi yatsopano isabise nambala ya galimoto ndi magetsi akumbuyo.

Wobwereketsa galimoto pa hayala adziwe chimene ikukanyamula. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo galimoto yogwidwa ndi makala opanda chilolezo, monga ochokera ku Dzalanyama, ikhoza kulandidwa ngakhale mwini wake anali kunyumba.

Masamu a wamalonda

Galimoto yosinthidwa bwino ingathebe kukhala malonda oluza ngati masamu sanachitike. Njira yake ndi kupeza mtengo wonyamulira thumba limodzi. Pa ulendo umodzi aphatikize mafuta opita ndi pobwera, malipiro a dalaivala ndi okweza katundu, chakudya, ziphaso za pamsika, ndi ndalama ya pa toll gate ngati akudutsa pa Kalinyeke ku Dedza, pamene galimoto zinayamba kulipira mu 2022. Awonjezere gawo la matayala, sevisi, inshuwalansi ndi COF, pogawa ndalama ya chaka chonse ndi maulendo amene amayenda pa chaka. Zonsezo azigawe ndi matumba amene galimoto imaloledwa kunyamula. Yankholo aliyerekeze ndi mtengo umene eni malole a hayala amatchaja pa thumba. Ngati wa hayala akutchipa, kugula galimoto kudikire.

Masipeya pafupifupi onse amachokera kunja, choncho mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, matayala, mabatire ndi zida za injini zinakwera nthawi yomweyo. Izi zikutanthauza kuti chitsulo chilichonse chothyoka chifukwa chodzaza katundu chimagulidwa pa mtengo wa lero, pamene phindu la matumba owonjezerawo linali la dzulo. Matumba 10 opitirira malire angabweretse kandalama pa maulendo angapo, koma ekiselo imodzi ikathyoka pakati pa Kasiya ndi Lilongwe pamafunika galimoto ina yodzatenga katundu, mlonda wa usiku, makaniko ndi sipeya, kwinaku nyengo yogula mbewu ikudutsa. M'malonda a mbewu, sabata imene galimoto yagona ku galaja mu May kapena June siibwerera.

Phindu lina lili pa ulendo wopita. Lole yopita kumudzi yopanda kanthu yawotcha mafuta aulere. Eni magolosale a ku Mitundu, Malingunde kapena Nkhoma amafuna shuga, mchere, sopo ndi mafuta ophikira. Omanga amafuna simenti ndi malata. Bodi yokhala ndi tenti yabwino ndi pansi posadontha imalola mwini galimoto kutenga katundu wotere ngakhale m'dzinja. Amalonda awiri kapena atatu a msika umodzi angathenso kugwirizana masiku, galimoto imodzi n'kumadzaza ulendo uliwonse.

Ndalama yosinthira galimoto isachokere ku katapila, ndipo isadye mpamba wogulira katundu. Lole yokongola yopanda ndalama yogulira mtedza imangokhala pabwalo. Ngati ndalama ndi yochepa, ntchito igawidwe motere: mabuleki ndi chiwongolero poyamba, kenako matayala, kenako sevisi ya injini ndi mafyuluta, kenako masipuling'i ndi mashoko, kenako chotchinga pansi ndi ngowe zokokera, pomaliza bodi. Magetsi owonjezera, marimu owala ndi mawu olemba kumbuyo zibwere galimoto itayamba kubweza ndalama.

Posankha mmisiri

Mmisiri wabwino amadziwika ndi ntchito imene yayenda kale pamsewu. Mwini galimoto apemphe kuona lole imene mmisiriyo anaipangira bodi chaka chatha, aone ngati zowotcherera zake zang'ambika, afunsenso dalaivala wake. Satifiketi ya TEVETA kapena ya ku Lilongwe Technical College ndi chizindikiro chabwino, koma ambiri odziwa ntchito anaphunzirira pagalaja, choncho maso ndiwo mboni. Kuwotcherera kwabwino kumakhala kosalala ndi kolowerera, kopanda timabowo. Kokhala ngati zitosi za nkhuku, kopakidwa penti mwachangu, kumabisa vuto.

Mgwirizano ulembedwe, ngakhale m'kope la sukulu: ntchito yake, kukhuthala kwa zitsulo, mtengo, ndi tsiku lomaliza. Popeza magetsi amazimazima, tsikulo likhale ndi mpata. Malipiro aperekedwe m'magawo, gawo lomaliza galimoto itayesedwa ndi katundu. Masipeya ndi bwino kukagula limodzi ndi makaniko, ndipo zitsulo zakale zochotsedwa zibwezedwe kwa mwini galimoto, kuti atsimikize kuti zatsopano zalowadi.

Ntchito ikatha, galimoto ipite pa sikelo ili yopanda katundu, thanki itadzaza. Nambala imene ituluke ichotsedwe pa GVM, pachotsedwenso kulemera kwa anthu okwera, chotsalacho chigawidwe ndi 50. Yankho lake ndi chiwerengero cha matumba amene galimotoyo iyenera kunyamula. Chilembedwe ndi penti m'kati mwa bodi, pamene dalaivala ndi okweza katundu azichiona tsiku lililonse, kuphatikizapo masiku amene mwini galimoto watsala ku Lilongwe.